Mitu ya sitima ndinkaisiyanitsa

Fodya wanga atabwezedwa kachiwiri ku okushoni, ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti basi, ndikupita ku Joni. Mapasa athu, Tadala ndi Tamanda, anali asanakwanitse zaka ziwiri. Nabanda sanakane. Anangoti, "Mukachedwa, anawa adzakutchulani amalume." Ndinaseka, chitsiru ine.

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wokalamba amene anapuma ntchito ya njanji. Munthu wamkulu, imvi mbuu, koma galaja yonse anadzazamo sitima za zidole zoyendera magetsi, tinjanji take, timilatho, timapiri ta mapepala. Ine mlimi wa ku Mkanda, yanga inali kupukuta fumbi ndi kaburashi kofewa ndi kubwezera chilichonse m'bokosi lake.

Panali timitu tiwiri ta sitima za dizilo, tija tokankha mabogi pa siteshoni. Tonse tachikasu, kutalika chimodzimodzi. Tsiku lina ndinatisinthanitsa mabokosi. Mkuluyo anakalipa mpaka kutsokomola, nandidula malipiro a tsikulo. Kenako anandikhazika pansi: aka kali ndi paipi ya utsi imodzi, aka awiri, aka zitseko za m'mbali zisanu ndi chimodzi, aka zisanu ndi zitatu, nyali ya aka ili pamwamba pa galasi, ya aka pansi. Ndinaloweza ngati katekisimu. Pomatha chaka ndinkatisiyanitsa nditaima pakhomo, ndipo ndinkanyada nazo.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinene. Nabanda ankatumiza zithunzi pa foni ya mlongo wake. China chinali cha ana awiriwo atavala madiresi ofanana a Khirisimasi, ndipo ndi chimene chinkaoneka ndikangoyatsa foni yanga. Kusungulumwa kukandigwira ndinkachiyang'ana. Koma kufunsa kuti uyu ndani, uyu ndani, sindinafunsepo. Ndinkachita manyazi.

Chaka chachisanu Tamanda anamwalira ndi malungo. Masiku a m'pasipoti anali atatha kalekale. Ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Ndinatumiza ya bokosi, m'mawa mwake n'kukapukuta sitima. Mpaka lero zimandiwawa.

Mzungu uja atamwalira, ana ake anagulitsa zonse tsiku limodzi, ine n'kunyamula chikwama changa kubwerera kumudzi. Wakabaza ananditsitsa pakhomo masana, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya malata imene ndinkaimanga pa foni ndinaipeza ili bwinobwino. Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu tsopano, anagwada chapatali nandipatsa moni wa mlendo. Pofuna kumunyengerera ndinatulutsa foni.

"Taona, sindinakuiwale. Tsiku lililonse ndimakuyang'ana apa."

Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anati, "Ababa, ine ndine uti pamenepa?"

Ndinafufuza monga ndinkawerengera zitseko zija. Makutu, mphuno, masaya. Ndinaloza wakumanja.

Mwanayo sanalire. Anangotembenukira kwa mayi ake, amene ankasenda mtedza pakhonde. Nabanda anaika lichero pansi, nabwera kudzaona pamene panali chala changa.

"Ameneyo ndi amene munamugulira bokosi," anatero. "Wamoyoyu ali ndi chipsera pachibwano. Anagwera pa khasu chaka chimene munachoka. Ndinakuuzani pa foni, munati muli pa ntchito."

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Chipseracho chinalipo pa mwana wakumanzere, chooneka bwino kuposa paipi ya utsi.