Mbewa zoyera zimene malume anawamba

Mpaka lero ndikamva fungo la mbewa yowamba mtima umandiwira. Sikuti ndimanyansidwa nazo ayi. Makolo anga ndi a ku Katete, ndinakulira mbewa, ndipo Abemba a pampopi pathu ku Kanyama akamatiseka kuti timadya makoswe ndinkawabwezera kuti iwo amadya anyani mpaka kuzizira. Mkwiyo wanga uli ndi mwini wake, malume anga, mlongo wawo wa mayi.

Chaka chomaliza cha maphunziro anga a sayansi ndinkasunga mbewa zoyera za maso ofiira, zina zabere, zina ayi. Ntchito yanga inali kudontheza magazi pang'ono kumchira kwa iliyonse, kuwapaka pakagalasi, n'kuwerenga pamakina oonera tizilombo asilikali a m'magazi aja omenyana ndi matenda. Aphunzitsi ankati thupi la mayi limauza ena mwa asilikaliwo kuti atsitse mikondo, kuopa kuti angalase mwana, poti mwanayo mbali ina ndi wa bambo, ndiye kuti ndi mlendo m'thupimo. Mikondo ikatsika, matenda onga malungo amapezerapo mpata. Anzanga ankangofuna kukhoza mayeso. Ine ndinkafuna kuziona ndi maso anga, chifukwa cha mkulu wanga.

Mkulu wangayo anamwalira ndi malungo ali ndi pakati. Tisanakolope n'komwe m'nyumba ya maliro, malume anakhala pampando wabwino n'kuweruza kuti malungo sapha munthu wamkulu mwachangu chotero, kuti mwana wamkazi akafa ndi mimba ndiye kuti anadumpha mwamuna wake. Analibe mboni, analibe dzina la mwamuna winayo, anangokhala ndi ndevu ndi mawu aakulu. Mayi anangowerama. Kuyambira tsiku limenelo dzina la mwana wawo ankalitchula chapansipansi ngati katundu wakuba.

Mvula ya chaka changa chomalizacho inabwera ndi kolera, masukulu n'kutsekedwa. Kuchipinda cha mbewa kunalibe woti azizidyetsa, choncho ndinapempha kutenga zanga. Ndinakwera nazo minibasi nditaphimba kakhola ndi chitenje, kondakitala akundifunsa ngati ndanyamula nkhunda. Kunyumba ndinaziika pamwamba pa kabati, chifukwa ku Kanyama madzi akasefukira sagogoda pakhomo. Ndinkazidyetsa gaga ndi soya, ine ndikudyera delele. Zabere zija zinanenepa mpaka kuyenda mokhwekhwereza mimba, ndipo magazi awo anali atayamba kusiyana ndi a zinzawo. Kunangotsala kuti ndiwatenge komaliza zisanaswe.

Ndiye malume anatulukira kuchokera kumudzi kudzagula zitsulo za chigayo chawo. Ndinawauza ine mwini, nditagwada, kuti zapamwamba pa kabatizo ndi za kusukulu. Anaseka n'kunena kuti sukulu za masiku ano zaphweka.

M'mawa mwake ndinapita ku Kalingalinga kukabwereka timagalasi kwa mnzanga. Mayi anali kumsika. Pobwerera fungo linandichingamira ndisanadumphe ngalande ya kuseri kwathu. Ndinawapeza malume pakhonde atavula malaya, mbaula ili pakati pa miyendo, mbewa zanga zitandandalikidwa pampani. Kakhola kanali pansi, kachitseko kali pululu.

“Iwe mwana, vamene ivi vinona kuchila va kumunzi,” anatero akunyambita chala. “Nakusungilako ikulu. Zinali na twana mukati, nataya ku ngalande.”

Anaona tianato ndi maso awo, anatichotsa ndi chala chawo, ndipo sanaime n'komwe. Munthu yemweyo amene anadziwa za m'mimba mwa mkulu wanga osazionako. Ndinaponya timagalasi pansi, mawu anatuluka okha.

“Ba malume, mbeba zamene mwadya sizinagone na mwamuna wa munthu, koma magazi yao yanali yanasintha. Ni mimba chabe. Na basisi inali mimba chabe na malaria. Imwe munabanamizila.”

Mayi anali atangolowa pampanda ndi dengu pamutu. Ananditsina pamkono mpaka kutuluka magazi, akundiuza kuti ndigwade ndipepese. Sindinagwade. Malume anavala malaya n'kunena kuti mwana wophunzira ndi tsoka, akutukwana mwini mbumba chifukwa cha ndiwo. Mpani uja sanausiye. Anaukulunga munyuzipepala n'kuulowetsa m'chikwama, wokadyera m'basi.

Anthu a pamalopo anaimva nkhaniyo tsiku lomwelo, ndipo kwa iwo inali nthabwala ya chaka. Mayi wogulitsa malasha ankati akandiona n'kufuula kuti dokotala wa mbewa wadutsa. Masukulu atatsegulidwa aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anandiuza bwinobwino kuti popanda magazi omaliza aja palibe chimene ndingalembe, ndibwereze chaka. Palibe amene anauza malume kuti alakwa. Mlendo wa kumudzi waona mbewa zonona, akanatani? Wolakwa ndinali ine wosowa ulemu, ndipo kumudzi mpaka pano amandidziwa choncho.

Patapita masabata, tsiku lina m'mawa tikuchapa, mayi anasiya kufikisa n'kuyang'ana kakhola kaja, kamene tsopano tinkasungiramo anyezi. Analankhula osandiyang'ana.

“Vija unakamba kuli bamalume bako. Ni vazoona? Mwana wanga sanachite vija?”

Ndinawauza kuti ndi zoona, kuti zalembedwa m'mabuku, kuti anamwino onse akudziwa. Anapukusa mutu pang'ono. Mabuku sawerenga, ndipo anamwino ndi omwe anawabwezera mtembo. Mayiwo anati ankadikira kuti ndimalize, ndiwatengere kusukulu kuja, akasuzumire okha pamakinapo, aone magazi a yabere ndi a inzake.

“Nenze nifuna kuona chabe,” anatero. “Manje nizaona chani?”

Ndinalibe choti ndiwaonetse. Anaweramanso pabeseni n'kupitiriza kufikisa, ndipo dzina la mkulu wanga sanalitchule.