Pepala Limodzi Lopanda Dzina ku Area 4

Abusa Clifton Kamphanje si munthu woti mungamuloze pagulu. Ndi aafupi, tsitsi layamba kuyera m'mbali, ndipo jekete ndi imodzimodzi yotuwa ija, kaya ndi paukwati kaya ndi pamaliro. Anabadwira kumudzi kuseri kwa Mitundu, sukulu analekezera Fomu 2, ndipo m'tauni muno analowa atakwera pamwamba pa mabelo a fodya. Zaka khumi ndi ziwiri anagulitsa nsapato za kaunjika pafupi ndi depoti ya mabasi ku Old Town. Mpaka lero mukawapatsa moni maso awo amayamba agwera kumapazi kwanu, ndipo saizi yanu amaidziwa musanakhale pansi.

Ubusa unawapeza pansapato pomwepo. Ankalalikira mavenda anzawo masana malonda akazizira. Kenako kagulu kanayamba kusonkhana m'kalasi ya sukulu ina ku Area 4, ndipo patapita zaka anamanga tchalitchi cha njerwa ndi malata. Akhristu awo oyamba anali azimayi a tomato, anyamata a makala, alonda ndi antchito a m'nyumba za mabwana. Masiku amenewo munthu akadwala, abusa ankafika pa njinga yakapalasa nkhani isanamveke n'komwe kwa achibale. Mayeso a Fomu 4 analemba ali ndi ana atatu, ndipo digiri ya zaumulungu anaikoka movutikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Mpingo unakula, ndipo panja panayamba kuima magalimoto. Anabwera anthu a ku Area 10 ndi ku Area 15, ogwira ntchito m'maofesi a boma, olankhula Chingerezi ngakhale popempherera tiyi. Mmodzi mwa iwo anali bambo Norman Msowoya, ochokera ku Rumphi, mkulu mu unduna wina. Tisawanamizire, a Msowoya ndi munthu wabwino mtima, koma dongosolo amalikonda mopitirira. Atasankhidwa kukhala mlembi wa mpingo, munthu aliyense anamulowetsa m'kaundula, mpaka khanda la mwezi umodzi. Pamsonkhano akatsegula faelo yawo n'kuyamba kufunsa za mapulani a zaka zisanu, abusa ankachita manyazi. Ankadziona ngati wogulitsa nsapato amene walowa khomo lolakwika.

Manyazi amenewo ndiwo anawabwezera kusukulu ali ndi zaka makumi asanu. Analembetsa pa koleji ina ku City Centre, digiri yachiwiri ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka mipingo, yophunzira Loweruka lokhalokha. M'kalasi munali abusa anzawo, ansembe awiri, sisitere ndi shehe mmodzi wa nthabwala zambiri. Abusa Kamphanje anaikonda sukuluyo kwabasi. Anaphunzira kulemba mapulani, kuyendetsa msonkhano osautalikitsa, ndiponso kuti mtsogoleri sathamangira paliponse yekha koma amagawa ntchito n'kutuma ena. Phunziro la kutumali analimva msanga kuposa ena onse.

Chaka chachiwiri chinali cha kafukufuku. Mutu wawo unali woti akhristu amauona bwanji utsogoleri wa m'busa wawo, ndipo wowayang'anira anali a Dokotala Ada Nyirongo, mayi osaseka chisawawa. Iwo anawathandiza kukonza pepala la mafunso khumi, kenako anawachenjeza.

"Pepala lisakhale ndi dzina, abusa. Munthu akadziwa kuti mumuzindikira, akuuzani zimene mukufuna kumva. Ndipo mayankhowo tiwaone anthu awiri basi, inu ndi ine."

Abusa anavomera, anasainanso kalata yolonjeza zimenezo. Lamulungu lotsatira anaima paguwa mapemphero atatha, mulu wa mapepala uli m'manja.

"Abale ndi alongo, ndithandizeni pa sukulu yangayi. Musalembe dzina. Nenani zoona, ngakhale zowawa. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti palibe amene adzadziwe kuti walemba ndani."

A Msowoya ndiwo anagawa mapepalawo pakhomo, ndipo mwachizolowezi chawo ankachonga m'kaundula aliyense wolandira. Analandira anthu 84, ndipo onse anabweza.

Koma abusa anaiwala anthu amene akuwaweta. Kwathu kuno pepala lopanda dzina si pepala. Kuchipatala dzina, pa makuponi a feteleza dzina, pa chopepesa cha maliro dzina. Komanso mumpingo aliyense amadziwa kuti kalata yopanda dzina amalemba ndi akazitape ndi anthu amiseche, amene amaiponya pansi pa chitseko cha abusa n'kuthawa. Ndani angafune kuoneka wotero? Choncho anthu anamva bwinobwino zimene abusa ananena, anagwedeza mitu, kenako aliyense analemba dzina lake pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Ena anaonjezera nambala ya foni.

Lolemba m'mawa abusa anadzitsekera mu ofesi n'kuyamba kuwerenga. Abusa athu ndi odzichepetsa. Abusa athu ndi tate. Chofunika kusintha palibe, Mulungu awaonjezere masiku. Anawerenga akumwetulira ngati mwana amene wapatsidwa siwiti, mpaka anafika pa pepala lina lolembedwa ndi pensulo, zilembo zopendekeka, pamwamba popanda kanthu. Pa funso lomaliza panali mawu awa:

"Akadwala wa galimoto mumapita nokha. Akadwala woyenda pansi mumatuma munthu. Kale simunali choncho. Timakukondanibe."

Anapsa mtima, ndipo chimene chinawapsetsa mtima kwambiri n'chakuti wolembayo sananame. Mwezi wa Meyi anapita mpaka ku Rumphi kukaika apongozi a a Msowoya, masiku atatu, kalasi n'kujomba. Mwezi wa Juni mlonda wina wa mumpingo anagona m'chipatala masabata atatu n'kumwalira, ndipo abusa anatuma mkulu wampingo kuchipatala, anatumanso yemweyo kumaliro ku Nathenje chifukwa tsikulo linali Loweruka la mayeso.

Munthu wanzeru akanalipinda pepalalo n'kupita nalo kwa a Dokotala Nyirongo. Koma abusa ankafuna wina wowauza kuti si zoona. Lachiwiri a Msowoya atadutsira ku ofesi pochokera kuntchito, abusa anawatambasulira pepalalo.

"Taonani, bambo mlembi, zimene anthu amatilembera."

A Msowoya anawerenga kawiri, nkhope itauma.

"Iyi ndi kalata yopanda dzina, abusa. Enawo ali kuti?"

Abusa anawapatsa mulu wonse. Inde, anawapatsa ndi manja awo. A Msowoya anatsegula kaundula, pepala lililonse n'kulifananiza ndi dzina lochongedwa. Mapepala 83 anapeza eni ake. Tiyi asanazizire panatsala dzina limodzi lokha: mayi Alinesi, wantchito wa m'nyumba ku Area 10, mkazi wa mlonda anamwalira mu Juni uja. Mayiwa anali mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri amene anayamba nawo mpingo m'kalasi muja, ndipo njerwa za tchalitchi anasenza nawo pamutu.

Mwambo wa mpingo ndi wodziwika. Wolemba kalata yopanda dzina yonyoza mtumiki amaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo akapezeka wolakwa amaimitsidwa mgonero. A Msowoya analemba kalata yoitana mayi Alinesi kuti adzaonekere Lamulungu. Abusa anali ndi masiku anayi oti aletse zimenezo, ndipo mawu ake anali ochepa: ndinalonjeza ndine, pepalali silinayenera kutuluka m'manja mwanga. Lachitatu anati ndiwaimbira foni mawa. Lachinayi anaigwira foni n'kuibweza m'thumba. Ankaopa kuoneka opepera pamaso pa munthu wa faelo, ankaopanso kuti akaikira kumbuyo mayiwa ndiye kuti avomera kuti zolembedwazo n'zoona.

Lamulungu masana akulu asanu ndi mmodzi anakhala pamipando mu ofesi. Mayi Alinesi analowa atavala chitenje chakuda, anakana mpando n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. A Msowoya anakweza pepalalo.

"Mayi, pepala ili mukulidziwa?"

"Ndikulidziwa, bambo. Ndinalemba ndine."

"Nanga ngati munali ndi dandaulo, bwanji simunalembe dzina ngati anzanu onse?"

Mayi Alinesi anadabwa zenizeni, osati mwachipongwe ayi. Anatembenukira kwa abusa.

"Abusa ananena okha paguwa kuti tisalembe dzina. Anati tinene zoona. Ine ndinangomvera."

Maso onse anapita kwa abusa. Pa anthu 84, mayi amene anakhala pansiwa ndi okhawo amene anakhulupirira mawu a m'busa wawo, ndipo abusa anazidziwa zimenezo nthawi yomweyo, zinawalowa mpaka m'mafupa. Anayang'ana patebulo, kenako anamva mawu awo omwe akutuluka mwaulemu, mwadongosolo, ngati m'kalasi:

"Popeza nkhaniyi ikukhudza ine, ndaisiya m'manja mwa akulu a mpingo."

Akuluwo anawaimitsa mayiwo mgonero miyezi itatu, ndi yunifolomu ya amayi yomwe anati asavale. Mayi Alinesi anati zikomo, anadzuka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Lamulungu lotsatira sanabwere, ndipo miyezi itatu itatha sanabwerenso.

Abusa atapita ndi mapepala ku koleji, a Dokotala Nyirongo anawapatula mofulumira n'kukankhira mulu waukulu pambali.

"Awa si mayankho, abusa, ndi makalata othokoza. Chenicheni mwabweretsa ndi ichi chimodzi." Anagogoda ndi chala pa pepala la pensulo lija. "Lembani za chimenechi. Chifukwa chiyani anthu 83 analemba maina? Chifukwa chiyani mmodzi sanalembe, nanga akukuuzani chiyani? Mwiniwake simukumudziwa, eti?"

"Sindikumudziwa," anatero abusa, ndipo lilime silinapunthwe n'komwe.

Analemba masamba makumi anayi onena za mantha, ulemu ndi kukhulupirirana pakati pa m'busa ndi nkhosa. Analemba bwino zedi, chifukwa nkhaniyo ankaidziwa mkati ndi kunja. Aphunzitsi anaiyamikira pamaso pa kalasi yonse, shehe uja n'kuwagwira chanza akuseka kuti tsopano akhala pulofesa. Tsiku lolandira digiri mpingo unachita hayala minibasi ziwiri, azimayi analulutira mpaka mawu kusasa, a Msowoya anawagulira chikwama chachikopa. Abusa anamwetulira pa chithunzi chilichonse, koma mkanjo wa digiriwo unkawalemera ngati bulangete lonyowa. Manyazi amene anawatengera kusukulu anali aang'ono poyerekeza ndi amene anatuluka nawo.

Patatha sabata anakwera minibasi, anatsika pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi kulowa mu Area 10, m'misewu ya mipanda italiitali mmene simukumana ndi munthu koma alonda ndi agalu. Anagogoda pa geti yobiriwira. Mlonda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anakaitana. Mayi Alinesi anatulukira pa kageti kakang'ono manja ali ndi thovu la sopo, anapukuta pachitenje n'kupinda mawondo.

"Mwaswera bwanji, abusa?"

"Ndaswera, mayi, kaya inu." Mawu onse amene anakonza m'minibasi anabalalika. "Mayi, ndinakulakwirani."

"Munandilakwira, abusa. Inde."

Sanakweze mawu, sanalire. Abusa akanakonda mayiwo akanawatukwana.

"Koma pepala lija linathandiza pa sukulu yanu?" anafunsa mayiwo.

"Linathandiza. Ndi lokhalo limene aphunzitsi analandira."

"Ndiye munakhoza?"

"Ndinakhoza."

"Chabwino. Ndiye sizinapite pachabe."

Kenako abusa anati: "Ndabwera kudzakupemphani kuti mubwerere kumpingo. Malo anu alipo. Ndiuza akulu a mpingo kuti nkhani ija inatha."

Mayi Alinesi anayang'ana kumbuyo kunyumba ya abwana awo, kenako anawayang'ana abusa m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka makumi awiri.

"Kuno ndi pageti, abusa, tilipo awiri ndi mlonda. Lonjezo lija munalinena paguwa, anthu onse akumva. Kuimitsidwa kwanga analengezanso pomwepo. Mawu mwandiuzawa mukanene pamenepo. Ndikamva kuti mwanena, ndibwera ndekha, simudzachita kunditumira munthu." Anapindanso mawondo. "Ndilowe, ndasiya zovala m'madzi."

Abusa anabwerera wapansi mpaka ku City Centre osaona kutalika kwake. Atafika kunyumba analemba mawuwo pakapepala, mizere inayi yokha, n'kuika m'Baibulo lawo.

Padutsa masabata asanu ndi awiri tsopano. Mpingo ukuyenda bwino, misonkhano imatha pa nthawi yake, ndipo odwala onse, a galimoto ndi oyenda pansi, abusa ayambiranso kukawaona okha. Anthu akuti sukulu yawathandiza. Lamulungu lililonse zolengeza zikatha abusa amatsegula Baibulo pamene pali kapepala kaja, amatsokomola, n'kukweza maso. Amaona akulu a mpingo pa benchi yakutsogolo, a Msowoya cholembera chili kale m'manja, ndi azimayi amene analulutira tsiku la digiri akudikira kuti tate wawo anena chiyani. Ndiyeno amatembenuza tsamba n'kunena kuti mpingo uimirire, tiimbe nyimbo yotsekera.