Chinangwa chimene ndinavuula msanga

Lachiwiri lapitali amayi a ku Mbungo, pachilumba pathu pano, tinaitanidwa ndi mayi wina wofufuza wochokera kumtunda. Akuti ntchito yawo anayambira pa matenda a ubongo ndi mitsempha, kenako mafunso anawafikitsa pa zimene anthufe timadya.

Anabwera ndi kabokosi ka batire kokhala ndi timawaya tiwiri. Aliyense anapereka ufa wake wa kondowole. Iwo amausungunula m'madzi, n'kuviikamo timawayato, kabokosi n'kuonetsa poizoni amene watsalamo.

"Chinangwa cha ufa uwu munachiviika masiku angati, amayi?" anafunsa amake Joni, anzanga oyandikana nawo nyumba.

"Awiri, adokotala, koma ataliatali!"

Tonse tinaseka. Wofufuzayo sanaseke. Anati chinangwa chowawa chikavuulidwa chisanafewe, poizoni wake amapita ku mitsempha. Mwana amasanza, amachita chizungulire, amapuma mobanika. Ena miyendo imauma. Ena amapita tsiku lomwelo.

Ine kuseka kunathera pomwepo, chifukwa ndi mmene anapitira Esnati wanga.

Chinali chaka cha njala ija, iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Masiku oviikira chinangwa ndimawadziwa chiyambire utsikana wanga. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwana akulira njala, mungadekhe bwanji? Ndinaviika lero, mawa lake n'kuvuula. Ndiwo panalibe. Atamaliza gawo lake, ndinamupatsanso langa.

Pamaliro anthu anayamba kunong'onezana kuti dzulo lake mwanayo analandira bango lakupsa kwa azakhali ake, alamu anga a Luse a ku Yofu. Ine ndinakhulupirira. Kuyambira pamenepo moni ndinawamana. M'tchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, dzanja langa linkawalumpha. Anthu enanso anasiya kugula usipa wawo.

Msonkhano utatha ndinatsalira. "Adokotala, kodi mwana wanga ndinamupha ndine?"

"Mayi, mwanayo sindinamuone, sindingalumbire. Koma zimene mwafotokozazi n'za chinangwa. Inu munkafuna kuti adye."

Abale anga a pachilumba pano, n'chifukwa chiyani munthu akamwalira timathamangira kufunsa kuti ndani, tisanafunse kuti n'chiyani? Ine sukulu ndinalekera sitandade 4, za mawaya sindizidziwa. Koma ndaona kuti kabokosi kaja sikadziwa dzina la munthu. Ife mayina ndiye timawadziwa, makamaka a amayi okalamba opanda wowayankhulira.

Lachinayi ndinayenda wapansi kupita ku Yofu. Ndinawapeza a Luse akuyanika usipa pathandala. Ndinagwada, n'kuwauza zonse.

Iwo anapitiriza kutembenuza nsomba.

"Mlamu, dzukani, mukudetsa chitenje," anatero. "Ine ndinadziwa tsiku la maliro lomwelo. Ndinalawa ufa umene unatsala m'lichero mwanu. Unali wowawa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni kuti mukadzimangirire? Munali ndi ana ena awiri oti mulere. Ine ndinalibe. Ndinati bola anditchule mfiti."

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Amayi anzanga, chinangwa chizikhala m'madzi mpaka chifewe, ngakhale mwana alire. Ndipo munthu uja munasiya kumupatsa moni chichitikireni maliro a kwanu, kodi munayamba mwamufunsa chimene akukusungirani mumtima?