Tizikumbu ta M'kankhalango Kathu

Ndikukumbukira chaka chimene masamba a nyemba zathu anabowoka ngati sefa. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala kuseri kwa Chalimbana, nthawi ija ya chipani chimodzi pamene apampando a chipanicho ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti akuze minda. Pakati pa minda panatsala kankhalango ka mitondo ndi misuku, chimanga chitakazinga mbali zonse. Amayi ankazulamo bowa, ife ana tinkatolamo masuku.

Atate ataona nyembazo anapsa mtima. "Tizilombo utu tichokera mu thengo muja. Nizadula mitengo yonse."

Ndinapita kukalira kwa msuweni wanga wamkulu, Esinati, amene ankaphunzira zauphunzitsi kukoleji. Iye anangotenga nsalu yoyera. "Leka kulira. Tiye tikaone akuba amene akamba amalume."

Tinalowa mame asanaume, fungo la masamba owola lili ponseponse. Anayala nsalu pansi pa nthambi n'kundipatsa ndodo kuti ndimenye. Zimene zinagwa sindidzaiwala. Tizikumbu todya masamba tinayoyoka ngati mikanda: tobiriwira tonyezimira, tofiira ta madontho akuda, tina tating'ono todumpha ngati utitiri. Kamodzi kanali kozungulira ngati kamba, msana wake ukuwala ngati golide. Ndinathamangira pamtengo wina, panagwa mitundu inanso. Pachitsamba chotsatira, inanso. Ndinkamenya ndikuseka, diresi litanyoweratu. Koma taja ta kunyemba, ta msana wakuda ndi mutu wofiirira, sitinatipeze.

"Ba Esinati, nanga utu tagwa apa tikatipatsa nyemba, tizadya?" ndinafunsa.

"Sinidziwa. Yesa."

Ndinatiika m'zitini, chilichonse ndi tsamba la nyemba komanso tsamba la mtengo umene tinagwako. Kutacha ndinavundukula zitinizo. Masamba a m'thengo anali atabowoledwa, a nyemba ali bwinobwino.

Ndinapeza atate akunola nkhwangwa. Ndinawandandalikira zitini pamapazi, mawu akuthamangitsana m'kamwa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatola kagolide kaja n'kukaika pachikhato.

"Aka kakhala mu thengo mwanga? Zaka zonsezi sininakaonepo."

Kanatambasula mapiko n'kuuluka, iwo n'kuseka. Anadula mitengo ya m'mphepete yokha kuti apampando aone kuti munda wakula, pakati anasiya. Ine anandipatsa ntchito yotola tizikumbu ta kunyemba ndi manja m'mawa uliwonse. Inali yotopetsa, koma sindinadandaule.

Lero ndikadutsa kumeneko ndimaona minda yokhayokha, ndi timisitu totsala apa ndi apo. Ndimadziwa tsopano kuti atate sanali ankhanza. Anali ndi ana oti adyetse, ndipo kwa iwo chilichonse chouluka chinali ndi dzina limodzi, chilombo. Munthu sachitira chisoni chinthu chimene sanachionepo. Choncho zidzukulu zanga zikabwera, sindiziuza kuti mitengo ndi yofunika. Ndimazitengera m'kankhalango kaja, kamene kakadalipo mpaka lero, kuti zikadzionere zokha.