Wokwatitsa Maluwa a Nyemba

Pa koleji onse ankawatchula Mayi Mbande, ngakhale akuluakulu a ku ofesi amene sanapondepo m'shedi. Anabwera kalekale kudzasesa makalasi. Tsiku lina mphunzitsi wa zaulimi, mayi wachitsikana amene ophunzira ankangoti Adokotala, anawapeza akudzutsa kambewu kamene wina anakaponda pakhomo, akukamangirira ku kamtengo ndi ulusi wosolola pansalu yawo. Sabata yotsatira anatula tsache n'kulowa m'shedi ya nyemba.

Ntchito ya m'shedimo inkayendera thandizo la bungwe lina lakunja. Adokotala ankafunafuna nyemba yopirira chilala, ndipo kuti ipezeke pankafunika kukwatitsa maluwa: kutsegula duwa ndi kachitsulo kosongoka, kutapa ufa wa duwa lina, kupakapo, kenako kumangapo kaulusi kofiira. Imeneyi inasanduka ntchito ya Mayi Mbande. Zaka zisanu ndi chimodzi ankawerama pamiphika yodzalamo nyembazo m'mawa uliwonse dzuwa lisanakule, mpaka msana kuuma.

Kenako thandizo linatha. Mayi Mbande analandira kalata yowathokoza, yowauza kuti ayambe apuma kufikira bungwe litavomera pempho latsopano. Koma nyemba sizinasiye kumva ludzu, ndipo iwo sanasiye kulawirira.

"Anthu anakuchotsani ntchito mwaulemu, amayi, inu simunamve?" ankatero mwana wawo wamkazi, telala, akupalasa makina pakhonde.

"Ndikungokaziona."

"Dzulo munkangozionanso. Kapena ndi achemwali anga amene simunandiuze?"

Pageti mlonda ankayamba watsokomola. "Chiphaso chanu chinatha, mayi."

"Nanga nkhope yanga inathanso?"

Mlondayo ankayang'ana kumbali, iwo n'kudutsa. Miyezi inayi inapita choncho, ndipo sipanaume mphika ngakhale umodzi.

M'mawa wina Adokotala anafika m'shedi atakumbatira kompyuta. Linali tsiku lomaliza kutumiza pempho lija, ndipo ankafuna kudziwa mizere imene yabereka bwino. Atauzidwa analemba, kenako n'kuwerenga mokweza, akumasulira kuchokera m'Chingerezi: "Pa nthawi yodikirayi, koleji yasamalira mbewu zonse."

Mayi Mbande anatula chitini chothiririra. "Kolejiyo imabwera nthawi yanji, Adokotala? Ine pampopi sindinakumane nayo."

Adokotala anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. Anayang'ana pansi.

"Pali china choti ndikuuzeni, mayi. Bungwe lati tichepetse anthu. A ku ofesi achotsa aganyu m'pempholi, ati ophunzira azithirira. Watsala mndandanda wa ofufuza okha, ndipo pamenepo amafunsa madigiri."

Mayi Mbande anamva bwino lomwe: thandizo libwere kaya lisabwere, malo awo panalibe. Anaona ngati m'shedimo mwachepa. Anayang'ana mizere ija, maulusi ofiira ali lendelende, ndipo chimene chinawafikira msanga sichinali mkwiyo ayi, koma nkhawa. Ophunzira amathirira masana, ndiponso amathira pamwamba pa maluwa.

Anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kachitsulo kaja.

"Ndiye bwerani muphunzire, mwanangu. Anawo mukawaphunzitsa ndinu."

Adokotala anagwada. Duwa loyamba linathothoka. Lachiwiri linang'ambika pakati.

"Mukuligwira ngati cholembera. Ili ndi khutu la khanda. Musapume kaye." Anagwira dzanja lofewa la Adokotala n'kulitsogolera pang'onopang'ono mpaka duwa linatseguka. "Mwaona? Likakhala lotumbululuka chonchi, mwachedwa ndi tsiku limodzi. Limeneli lisiyeni."

"Zimenezi sizili m'buku lililonse," anatero Adokotala chapansipansi.

"Nanga analemba bukuyo anali ndi nthawi yogwada?"

Adokotala anakhala pachidebe chovundikira, kompyuta pamiyendo. Anafufuta chiganizo chija. Kenako anatsegula mndandanda wa ofufuza, pansi pa dzina lawo n'kulembapo lina. Pofunsa udindo anaika kuti katswiri wokwatitsa maluwa. Pofunsa maphunziro anafotokoza za duwa lotumbululuka, ndi za miyezi inayi imene munthu anathirira popanda womutuma.

"A ku ofesi akakalipa," anatero Mayi Mbande.

"Akalipe. Wosaina ndine."

"Nanga bungwelo likakana chifukwa cha ine?"

"Likavomera popanda inu, ndidzalitumizira maluwa othothoka okhaokha." Adokotala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, matope n'kutsala patsaya. "Akufunanso chithunzi cha wofufuza aliyense. Taimani apo."

"Ndi epuloni imeneyi? Dikirani mawa ndichape."

"Mawa kulibe, mayi. Atseka masana ano."

Mayi Mbande anapukuta manja, nakaima pakati pa miphika, mapewa ali chilili ngati mwana wa sukulu. Adokotala atakweza foni, iwo anatambasula dzanja.

"Sunthirani uko. Mzere uwu masamba ake achita chikasu, anthu angaganize kuti sitisamala."