Nsimbi ya ku Mindolo ndi Kompyuta ya Wyson

Bwerani kuno nonse, sendezani mipandoyo. Mphatso, foniyo ika m'thumba. Inu amake Joyisi, mwanayo mpatseni bere atonthole, chifukwa ine sindibwereza. Mwakhala mukundifunsa kuti kompyuta ya malemu mwana wanga Wyson inayambanso bwanji kulankhula. Lero ndikuuzani, koma nkhaniyi inayambira kutali, ku Mindolo, komboni ya mgodi ku Kitwe, ine ndisanamere n'komwe mabere.

Ndikukumbukira ndinali kamtsikana, ndangobwerera kumene kuchokera kuno ku Ndola, kumene ndinakhala miyezi ingapo kwa azakhali. Abambo anali kalaliki pa mgodi, munthu wa malaya oyera. Nsimbi yathu ya makala anali atabwereka bana Mulenga, mnzawo wa amayi wa Chibemba, amene ankakhala pa laini ya nyumba ya kumapeto, pafupi ndi shafuti yolowera mu mgodi. Amayi anangoti, ndi mawu awo aja a m'mphuno: "Iwe Esinati, thamanga kwa bana Mulenga ukatenge nsimbi. Malaya a abambo ako akudikira."

Ndinathamanga, dzuwa lili paliwombo. Nditafika pa lainiyo ndinaona kuti pa zingwe palibe zovala, palibe nkhuku, palibe ngakhale galu woti andiuwe. Khoma la nyumba yoyamba linali ndi mng'alu woti n'kulowetsamo dzanja. Ndinagogoda kwa bana Mulenga. "Odi." Zii. "Odi kuno." Zii. Pansi pa mapazi anga ndinamva du, du, akuphulitsa miyala mu mgodi, chitseko n'kumanjenjemera chokha. Ndinapita ku nyumba yotsatira, ndi yotsatiranso, odi wanga akungondibwerera.

Nyumba yomaliza inali yotsegula. M'katimo munali bambo atakhala pa mpando, chipewa cha mu mgodi chili kumutu, nyali yake ikuyaka masanasana. Nkhope sindinaione bwino chifukwa nyaliyo inkandithobwa m'maso. Mawu ake anali ofewa, otere: "Ukufuna nsimbi, mwana wanga? Nayi." Ine ndinali ndisanakambe chimene ndadzera. Ndinalandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira. Nsimbiyo inali yofunda, anthu inu, pa laini yonse popanda utsi.

Kunyumba amayi anangoiyang'ana, osaigwira.

"Wakupatsa ndani?"

"Bambo wina."

"Dzina lake?"

"Kaya."

Anatenga mpini, kuikola nsimbiyo pa chogwirira, n'kukaiponya kudzala. Kenako anandikoka khutu ili, mukuliona n'lalitali kuposa linzakeli. "Chinthu cha munthu wopanda dzina sichilowa m'nyumba mwanga."

Abambo ataweruka anandigwira dzanja. Iwo sankakalipa. Anati a mgodi anasamutsa laini yonse ija ine ndili ku Ndola, chifukwa nthaka inayamba kutitimira, ndipo amayi anaiwala kuti ine sindikudziwa. Tinayenda mpaka ku nyumba zatsopano. Bana Mulenga anatuluka akuseka, n'kutilonjera m'Chibemba, "Mwaiseni mukwai," nsimbi yathu ili m'manja, yozizira, ili ndi waya uja abambo anamangira pa chivindikiro. Pobwerera abambo anati, mawu awo anali apansi, mvetserani: "Waona, Esinati? Nyumba ikapanda kukuyankha, usamalandire kwa aliyense amene wakutsegulira. Uzifunsa kumene eni ake anasamukira." Za bambo wa nyali uja sanakambepo kanthu. M'mawa ndinakasuzumira kudzala, nsimbi kunalibe.

Manje tibwere kuno ku Lubuto, komboni yathu ino ya ku Ndola. Mukudziwa ine sukulu sindinaiponde, zolemba za pa botolo la mankhwala ndimangoona nyerere. Ndiye Wyson, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku ofesi ku Kitwe, anandipangira pulogalamu pa kalaputopu kakale. Anajambula mawu ake, kuti nthawi ya mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi ikakwana kazindiitana. Wyson atamwalira kanapitiriza kundiitana, ine n'kumayankha, "Ndamva, bambo." Mpaka Okutobala uja malaiti anathima n'kubweranso mwamphamvu. Kalaputopu kankayaka bwinobwino, koma mawu zii. Mapiritsi ndinayamba kuwaphonya. Koma kunena zoona, si mapiritsi amene ankandiwawa.

Tiyamike, mwana wa Wyson, uja akuphunzira za makompyuta ku yunivesite ya Northrise, anabwera Loweruka masana. Anadinadina mabatani, n'kuti, ndi kalankhulidwe kawo ka m'tauni kaja: "Agogo, mawu a adadi alimo, koma anawatsekera m'kati mwa pulogalamu, ndipo pulogalamu yawonongeka. Zomwe analemba zilipo. Nifunika chabe kuimanganso."

"Ndiye manga."

"Zomangira mulibe. Adadi anamangira ku ofesi. Muno muli phukusi loimbira mawu chabe, phukusi lomangira lake mulibe."

Anandifotokozera kuti kompyuta ili ndi malo ake pa intaneti, iye amati ripozitori, ngati sitolo ya a mgodi ku Mindolo, kumene imakatenga maphukusi oterewa, lililonse lili ndi chidindo cha eni ake. Ndiye anaituma. Galasi lakuda bii, tizilembo toyera tikuyenda, kenako n'kuima.

"Yati bwanji?"

"Yati phukusi silinapezeke."

Anaitumanso kuti ikafunse kaye zimene zili m'sitolomo. Tizilembo tinatsika mzere pa mzere, yofanana yokhayokha.

"Nanga apa?"

"Kulikonse kumene ikupita kulibe woyankha. Sisitimu iyi ni yakale maningi, eni ake anaisiya."

"Ika yatsopano."

"Mu yatsopano phukusi limeneli analichotsamo. Pulogalamu ya adadi siingamangike."

Kunja kunali kutentha kuja kwa mvula isanagwe, nyenje zikulira, msewu wonse wopanda munthu. M'maganizo ndinkaona kamakina ka mwana wanga kakuyenda kokha pa laini ya nyumba zopanda anthu, kakuti odi, odi kuno.

Tiya anasakasaka pa foni, kenako nkhope n'kuwala. "Napeza. Pali wina waika phukusi lomweli pa tsamba lake. Akuti ningokopa mzere umodzi uwu, zonse zizachitika zokha."

"Ndani ameneyo?"

"Sanalembe dzina."

"Chidindo chija chilipo?"

"Kulibe, koma agogo..."

"Ali ndi chiyaninso?"

"Chilichonse chomwe munthu wasaka, amati ali nacho."

Chala chake chinali kale pamwamba pa batani. Ndinamugwira dzanja ngati ndikugwira nkhuku yothawa. Nsimbi ija ndinaimva ikufunda m'manja mwangamu.

"Agogo nisiyeni. Mwayamba za ufiti manje?"

"Ukadina, n'kupezeka kuti n'zoipa, mawu a abambo ako atani?"

Anapukuta thukuta ndi malaya. "Angafufutike. Kapena wina angawatseke, osatsegukanso. Nidziwa, tinaphunzira. Nalema chabe. Nifuna kuwamva naine."

Pamenepo ndinamusimbira za ku Mindolo, monga ndakusimbirani inu. Za khutuzo anandiseka, mwana wopanda ulemu. "Ndiye mufuna nifunse komwe anasamukira? Agogo, intaneti si komboni." Komabe anayamba wakopera zonse za abambo ake pa kafulashi, n'kulemba funso pa gulu la anthu ogwiritsa ntchito sisitimu imeneyi. Tinadikira. Ndinaphika tiyi, palibe anamwa. Mitambo inada cha ku Kitwe, ine n'kumangopemphera kuti malaiti asathimenso.

Yankho linachokera kwa mayi wina, dzina lake lilipo, ndipo anthu a pa gulupo ankamudziwa. Anati eni ake a sisitimu sataya zakale. Akaisiya, maphukusi ake onse amawasamutsira kwina, kosungira zakale, chidindo chake chomwecho. Kompyuta ya Wyson inali ndi adiresi yakale m'mutu, ngati ine tsiku lija. Tiya anasintha adiresiyo n'kuitumanso. Ulendo uno tizilembo tinathamanga ngati nyerere zaona shuga. Phukusi lomangira linabwera, chidindo n'kugwirizana. Anayamba kumanga. Kamakina kanatentha, kakupuma fuu ngati nkhalamba yokwera chitunda.

Chimene ndikudziwa lero n'chakuti choopsa ku Mindolo sichinali nyumba zopanda anthu zija ayi. Zija zinali nyumba chabe. Choopsa chinali chitseko chotsegula chija, chifukwa munthu ukagogoda nthawi yaitali popanda wokuyankha, umafika polandira chilichonse. Mdzukulu wanga wa ku yunivesite ndi ine wosaponda sukulu, manja athu anatambasuka chimodzimodzi. Kusiyana kwake, iye panali womugwira.

Kumangako kutatha, sikunamveke kanthu. Tiya anati mwina sipika inapsa ndi malaiti aja, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Zii. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Kenako anatuluka kukaanula zovala, chifukwa mvula inali itayamba kudontha pa malata. Ndinatsala ndekha m'nyumba, mdima wa mitambo utalowa, ndaiwala n'komwe kuti nthawi ya mapiritsi yakwana. Ndinatembenuka kuti nditseke zenera. Kumbuyo kwanga munthu anatsokomola, kutsokomola kuja kwa Wyson akafuna kulankhula. Ndiye nyumba yonse inagwedezeka ndi mawu ake otuluka m'kalaputopu kaja, mpaka Tiya anagwetsa beseni panja:

"Amayi! Siyani zimene mukuchitazo, imwani mankhwala. Ndikukuonanitu!"