Mango a Mayi Makwinja Ankagwa Okha

Fungo la mango owola padzuwa limandibwezera ku Ndirande, chaka chomwe ndinali sitandade 6. Tinkachita lendi kachipinda kamodzi kumunsi kwa nyumba ya mayi Makwinja, alandilodi athu. Malowo anali otsetsereka kwambiri, moti madzi otsukira mbale akatayidwa kumtunda ankadutsa pakhomo pathu asanakalowe m'ngalande. Pakati pa nyumba ziwirizi panali mtengo wa mango a boloma. Novembala akafika, malata ankatentha mpaka kulira, ntchentche zobiriwira zinkazungulira tsiku lonse, ndipo mango ankagwa n'kugubuduzika padothi louma mpaka kudzatsamira chitseko chathu.

Ana tonse tinkadziwa lamulo lake: bango logwa lokha ndi la wotola, koma logenda ndi lakuba. Ine ndinkangotola. Mayi Makwinja ankati mango awo sangagwe ochuluka chomwecho popanda dzanja la munthu, ndipo dzanjalo linali langa. Tsiku lina anauza amayi anga pamaso pa azimayi a pampopi kuti mwana wakuba samusunga papuloti pawo. Ndikagwade n'kuvomera kuti ndimagenda, apo ayi mwezi ukatha tisamuke. Bambo anali ku Joni, osamveka. Amayi ankagulitsa tomato mumsika, ndipo chipinda china choyandikira msika sichikanapezeka msanga.

Masiku omwewo aphunzitsi athu a sayansi, a Nyirenda, anakwera padesiki, dzanja lina theka la njerwa, dzanja lina kamwala. Anafunsa kuti chiyambe kufika pansi n'chiti, tonse tinati njerwa. Atazisiya, zinagunda simenti nthawi imodzi. Anabwereza mpaka anyamata a kumbuyo anatopa kutsutsa. Kenako anatiuza kuti dziko limakoka chinthu chilichonse kuloza pakati pake, ndipo silisowa chingwe kapena kuchikhudza. Kukokako kuli paliponse pozungulira dziko, m'kalasi, pamwamba pa phiri la Ndirande, ngakhale m'malere mopanda kanthu. Ukamapita kutali kumachepa koma sikutha, ndipo ndi komweko kumagwira mwezi kuti usathawe. Anati njerwa imakokedwa kwambiri, komanso ndi yovuta kuisuntha kuposa kamwala, n'chifukwa chake zimafikira limodzi.

Ndinakweza mkono n'kufunsa za bango. Anati dziko limalikoka kuyambira lili kakang'ono, kungoti kakhosi kolilumikiza kunthambi kamakana. Likapsa kakhosiko kamafooka, basi dziko limatenga chake. Ndinabwerera kunyumba ndili njenjenje ndi chimwemwe. Ndinali nditapeza mboni.

Loweruka masana amayi anandituma kumtunda kuti ndikapepese. Anandiuza mofatsa, akusankha tomato wophwanyika, kuti ndingonena zomwe mayiwo akufuna kumva, nkhani ithe. Ndinakwera, koma sindinagwade. Mayi Makwinja anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pasitepe yawo, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu.

"Amayi, manja anga ndi awa, ndawakhalira," ndinatero. "Sindichoka pano mpaka muone nokha amene amagwetsa mango anu."

Anaseka, nati ndikhale mpaka ndimere mizu. Simenti inkaotcha kudutsa diresi. Manja anachita dzanzi, nyerere zinakwera m'miyendo, koma sindinazikande. Ana anzanga anasonkhana kumpanda n'kumandiseka, azimayi ochokera kumpopi anatula zidebe kuti aone mapeto ake. Kunalibe ngakhale kamphepo. Masamba anangoti zii, ndipo mumtima ndinayamba kudandaulira dziko kuti lisandichititse manyazi. Dzuwa litapendeka, tinamva phu! Bango lalikulu linagwa pakati pa bwalo, n'kugubuduzika pang'onopang'ono pamaso pa aliyense mpaka pakhomo pathu.

Ndinaimirira n'kunena mokweza zonse zomwe a Nyirenda anatiuza, kuti kukoka sikusowa kugwira chinthu. Mayi Makwinja anaika lichero pansi. Sanayang'ane ine, anayang'ana azimayi aja.

"Mwamumva nokha," anatero. "Akuti amagwetsa osagwira. Wakhala apa tsiku lonse akuliyang'ana, lagwa, lapita kwawo."

Palibe anasekanso. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo kwa chitenje. Ndinazindikira kuti dzina la wakuba lachoka, koma kwabwera lina loopsa, la ufiti, lomwe mwana likamumata silichoka ngakhale asamuke.

Amayi anakwera kuchokera kumunsi osathamanga. Anamanganso chitenje chawo, n'kugwada padothi pamaso pa khamu lonse. Anapepesa kuti mwana wakhala pasitepe ya akuluakulu osaitanidwa. Anapepesa kuti wayankha mokweza, ndiponso kuti wasonkhanitsa anthu pakhomo pa eni. Mayi Makwinja anadikira, nafunsa kuti nanga za mangozo.

"Mango amagwa, amayi," anatero amayi anga, akadali chigwadire. "Ngakhale kwathu ku Thyolo amagwa, komwe kulibe Tadala wangayu. Zina zonse ndapepesa. Koma zoti mwana wanga waba kapena walodza, pakamwa panga sizituluka. Ngati ndi chipinda, tengani."

Ndiye mayi wina wogulitsa makala anang'ung'udza kuti kwake mapeyala amamugwera padenga, kaya amawalodza ndani. Wina anaseka, kenako wina. Mayi Makwinja anatola lichero lawo, nauza amayi kuti atenge mwana wawo wamwanoyo. Za kusamuka sanazitchulenso. Anangolamula kuti bango lililonse lofika kwathu lizibwerera kumtunda. Nyengo yonseyo ndinkawakweza m'beseni, n'kuwakhuthula pakhonde pawo, ndipo mmawa wake ena anali atatsika kale.

Ndinakwiyira amayi masiku ambiri. Ndinkaona kuti ine ndinapambana, dziko linandichitira umboni anthu akuona, ndiye iwo n'kukagwada ngati olakwa. Ndinkakhulupirira kuti munthu akaona chinthu ndi maso ake amavomera.

Sukulu ndinalekeza sitandade 8, koma zomwe a Nyirenda ananena sindinazipeze zabodza mpaka lero. Pano ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo nanenso ndimakhala m'nyumba ya eni ku Bangwe. Ndikudziwa tsopano kuti bango lija silikanatha kundiyeretsa, chifukwa mayi Makwinja sankafuna kudziwa chomwe chimagwetsa mango. Ine ndinakana ndili chiimire, poti ndinalibe choti ndiluze chomwe ndinkachidziwa. Amayi anakana ali chigwadire, akudziwa bwino lomwe kuti mwezi ukatha tikhoza kugona panja.